Fridah tidzafika naye Loweruka

Nangongwe, Kafue
Lachitatu

Okondedwa akulu anga a Shadreck,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Nanga mwendo wa amayi ukadali wotupa? Kuno tilipo, monga munamvera pa foni. Mkazi wanga Fridah ali kumochale kuyambira Lamlungu.

Ali m'chipatala anandiuza kuti akaikidwe pafupi ndi amayi ake ku Vubwi, ndipo ndinavomera. Abwana anga a kugalaja, ba Morris, andibwereka galimoto yawo yokoka ndi mawilo onse anayi. Koma difu yake, magiya aja otembenuza mawilo, ndi ya pamsewu wa tala, yothamangira ku Lusaka. Ndinaitsegula n'kuwerenga mano: giya yaikulu 37, yaing'ono 9. Ndi mvula ino, bokosi ndi anthu kumbuyo, singatuluke m'dambo lija la pafupi ndi mudzi wawo, kunena za chitunda ayi.

Ba Morris anati tingonyamuka, Mulungu atsogola. A kumpingo nawo akuti ndikuchedwetsa maliro. Ndakana. Ndapeza ina ya mano 39 ndi 8, yoyenda mochedwa koma yamphamvu m'matope. Ndiye sungasinthe ya kumbuyo yokha. Ikasiyana ndi ya kutsogolo, mawilo amalimbana mpaka chitsulo chithyoke. Ndasintha zonse ziwiri, ndipo zandidyera masiku awiri.

Azimayi akulira kunyumba, ine ndili pansi pa galimoto ndi sipanala. Misozi sikubwera, achimwene. Sindikumva kanthu. Chakudya akandipatsa ndimadya. Dzulo mwana wathu Yande anandifunsa ngati ndikudziwa kuti amayi ake amwalira, poti manja anga ali girisi yekhayekha. Ndinamuyankha kuti ndikudziwa.

Pempho langa ndi limodzi. Elisha wa kumpingo akangokupatsani kalatayi potsika basi, pitani kwa apongozi anga, bambo ake a Fridah, mukawauze kuti tifika Loweruka, osati Lachisanu. Adzukulu asayambe kukumba tisanawoloke dambo, manda angagone otsegula. Pa foni apongozi amangolira, sakundimva.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu, kwa amalume ndi kwa alongo athu onse.

Masiku onse Fridah ankadandaula kuti ndimathamangitsa galimoto, ankachita kugwira mpando ndi manja awiri. Ulendo uno ngakhale nditafuna, singathamange. Ndimubweretsa pang'onopang'ono.

Ndine mng'ono wanu,
Levy