Bulangete Lanu Lili pa Intaneti

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse pakhomopo. Kodi mwendo uja ukukuvutanibe? Ine thupi lili bwino, koma mtima suli m'malo chilandirireni chithunzi chimene mlongo wanga wanditumizira pa foni.

Paja mumandiseka kuti ntchito yanga ndi yongokhala pampando n'kumagogoda kompyuta. Lero mundimvetsere. Munthu akafuna kuti malonda ake aoneke pa intaneti, ndimamukonzera masamba mu pulogalamu yathu, mawu apa, chithunzi apo. Ndikamaliza ndimadina batani, masambawo n'kupita ku seva, chikompyuta chosazima chimene chili kutali. Akafika kumeneko ndiye kuti ayanikidwa pamsewu, aliyense akhoza kuwaona. Seva safunsa ngati zolembedwazo n'zoona.

Pali bambo ena amene muofesi muno timawatcha a Magalasi, poti savula magalasi akuda, maso awo sitinawaonepo. Anadzatipatsa ntchito yokonza masamba oitanira atsikana kukagwira ntchito m'mahotela akunja, malo ogona aulere. Zithunzi za malo ogonawo analibe. Abwana anati ndiyambe ndaikapo chilichonse chongogwirizira malo, monga timachitira nthawi zonse, zenizeni zibwera pambuyo. Ndinajambula chipinda changa chomwe, nditasesa n'kubisa ndowa. Tsiku lotumiza ku seva, a Magalasi anaima kumbuyo kwanga nati chipindacho n'chokongola, chikhale chomwecho.

Kuyambira pamenepo amabwerabwera kuti tifufute zonse ku seva, n'kutumizanso masamba omwewo ndi dzina lina la kampani ndi nambala ina ya foni. Nditafunsa chifukwa chake, abwana anati ife ndife amisiri osati apolisi, ndipo pakamwa pangapa padzandipweteketsa.

Sabata yatha kunabwera mayi wamsinkhu wanu, nsapato zili fumbi lokhalokha. Anatipeza chifukwa dzina la ofesi yathu timalilemba m'timalemba ting'onoting'ono pansi pa tsamba lililonse. Mwana wake anakwera basi atawerenga tsamba lija, ndipo mpaka lero foni yake sikulowa. Anapempha kuti ndimuonetse tsambalo. Ndinamuuza kuti linafufutidwa, iye n'kungokhala pabenchi mpaka titatseka. Nditafika kunyumba kwanga ndinapeza galimoto ya a Magalasi itaima pageti. Sanatsike, sanalize hutala. Amayi, ine sindinawauzepo kumene ndimakhala, ndipo ndikuchita mantha.

Ndiye dzana mlongo wanga ananditumizira chithunzi chija ali m'chimwemwe, akuti wapeza ntchito kunja, apa ndi pamene azikagona, ndisakuuzeni mpaka atanyamuka. Ndi tsamba langa lomwe lija, langosintha dzina. Ndinamuimbira n'kumuuza kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Anati ndi nsanje chabe, sindikufuna kuti nayenso aone kunja, n'kudula foni. Makani athu mukuwadziwa, tinayamwa bere limodzi.

Pempho langa ndi limodzi: asakwere basi imeneyo. Pasipoti yake muibise kumene sangaganizire. Musakangane naye, angakuthaweni. Mungomuuza akuonetseni chithunzicho, achikulitse ndi zala, nonse muyang'ane pabedi. Muona bulangete lofiirira limene munandipatsa ponyamuka. Pakona pali chigamba chobiriwira chimene munasoka nokha, mutadula diresi yake yakale ya kusukulu. Mawu anga wawakana, koma diresi yake sangaikane.

Mundiperekere moni kwa amalume, azakhali ndi alamu anga, koma nkhaniyi ikhale ya inu ndi ine. Mlendo akadzafunsa za ine, munene kuti simudziwa kumene ndili. Ofesi ino ndikuisiya, ndipo mukadzaona foni yanga sikulowa, musayambe kulira msanga.

Tsalani bwino, Amayi, muyang'anire mwanayo.

Ndine mwana wanu woyamba,
uja mumamuti Kamakani