Dengi Yabweranso Kachiwiri

Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Kuno mvula yanyanya, udzudzu ndiye osanena.

Ntchito ikadali ija yowerengetsa pakompyuta mmene malungo a dengi angafalikire. Matendawa ali mitundu inayi, ndipo amene anadwalapo umodzi, mtundu wina ukamugwira umatha kumupweteka koopsa. Ndinauza abwana kuti chaka chino kubwera mtundu watsopano, ndipo wabweradi. Anandiwombera m'manja.

Paja mwana wathu wachisamba anadwala dengi chaka chatha. Tsopano yamugwiranso, tili naye kuchipatala, m'kamwa mukutuluka magazi. Mayi ake akundifunsa kuti, "Inu odziwa masamu, mwanayu achira?" Ine ndikungomukupiza ndi mapepala akuntchito.

Ngati mungathe, bwerani msanga. Amayi athu musawauze kaye.

Ndine mlongo wanu.