Gitala ya Malemu Januario

Lolemba, 5 Sepitembala 2011

Magetsi athima kuyambira m'mawa. Chowotcherera chozizira, mawailesi a anthu ali ndii pa shelefu, eni ake akundiyang'ana ngati ndazimitsa ndine. Ndirande yonse fumbi.

Masana kwabwera Petronela, mkazi wa malemu Januario. Wachepa thupi. Zakuda sanavule, akuti avula tsiku lovundukula chiliza, pa 17. Chaka chakwana kale. Sindinaone m'mene chadutsira.

Nkhani yake: a Alfred, akulu ake a malemu, afika kuchokera ku Nsanje ndi kiyi wa chipinda chomwe anatsekeramo katundu tsiku la maliro. Chaka chathunthu bedi, filiji, mashini osokera ndi gitala zili mumdima, mayi ndi mwana wake Rejoice akugona pamphasa pabalaza. Tsopano akufuna kugawa katunduyo. Wina ku depoti wawauza kuti gitala yolembedwa Fender pamutu mtengo wake ndi wa minibasi. Akufuna ndiione ine, poti ndine ndinkakonza ampu yokuzira mawu ya Januario masiku omwe ankaimba m'mabala a ku Bangwe Loweruka, kukacha n'kukaimbira kwaya kutchalitchi maso ali psuu.

Potuluka Petronela anatsitsa mawu. "Alamu, ikakhala ya ndalama mundiuze ine kaye. Ndikapeza mpamba wa kaunjika sindibwerera kumudzi, Rejoice amalize Fomu 4."

Ndinati ndamva. Kumva sikuvuta.

Lachiwiri, 6 Sepitembala

A Alfred. Jekete ya suti kutentha konseku, gitala m'manja ngati mwana wopita ku ubatizo. Akana kuisiya. Akhala pa benchi, maso pa zala zanga. "Amisiri a m'tauni timakudziwani. Ukasiya wailesi ya mabatire anayi umakaipeza ya awiri."

Kunja kwake: yopepuka ngati chitseko cha bafa. Pomwe penti inasupuka pakuoneka pulayiwudi, mizeremizere. Dzina la pamutu ndi kapepala komata, vanishi pamwamba, chikhadabo chikumva m'mphepete mwake. Kachitsulo ka kumbuyo kwa khosi kalibe nambala. Makiyi omangira nsambo olobodoka. Yotsanzira, ya m'makontena. Minibasi yake mwina ya mawaya.

Ndinamasula chivundikiro choyera cha kutsogolo kuti mkuluyo aone kuti ndagwira ntchito. Pamenepo ndinawaona.

Mapikapu. Timaginito titatu ta pansi pa nsambo, totola mawu n'kuwatumiza ku ampu. Si a gitala imeneyi. Pansi pake potuwa, ngati katoni yolimba, osati pulasitiki. Mawaya okutidwa ndi nsalu ya phula. Timitu ta maginito tosiyana msinkhu. Pa mita onse atatu amoyo, ofanana mphamvu. Pansi pa imodzi pali manambala a pensulo othera ndi 65. Anawotcherera ndi Januario yemwe. Dzanja lake ndimalidziwa, mtovu wambiri ngati ndowe.

Ndakumbuka. Akaledzera ankati mawu a gitala yake anawachotsa mu gitala ya mdala wina wa ku Chilomoni amene ankaimba m'mahotela a ku Salisbury, itathyoka pa ngozi ya basi. Tinkamuseka.

A Alfred anasuzumira. "Mawaya ansanza? Ngati a ayironi ya azungu akale." Ndinati eya, ndi zakalekale. Sindinaname. Foni yawo italira ndinajambula kachithunzi. Ndamanga, ndawauza kuti yankho Loweruka pamaso pa abale onse.

Lachinayi, 8 Sepitembala

Kutauni. Mafuta kulibe, magalimoto pamzere mpaka kukhota, kondakitala wakweza mtengo ali m'njira. Ola limodzi pa intaneti. Mapikapu enieni a Fender a chaka cha 1965. Zithunzi zofanana ndendende: kutuwa kuja, nsalu ija, pensulo ija. Mtengo wake m'madola. Nditachulukitsa ndi dola ya kuseri kwa msika ndinaganiza kuti ndawonjezera ziro.

Kenako ku Limbe kwa Hamudi, wogulitsa zida zoimbira, amene mng'ono wake ali ku Joni. Ataona kachithunzi anasiya kutafuna. "Bwana Kalisto, atatu onse amoyo, thu handiredi fifite sauzande, pompo." Hamudi akatchula mtengo msanga chonchi ndiye kuti ku Joni ndi kawiri.

Ndinafunsa mapikapu otchipa oti ndisinthanitse. Alibe, katundu sakulowa. Ngakhale akanakhalapo, gitalayo ikugona pambali pa a Alfred ngati mkazi wachiwiri.

Njira ndi imodzi. A Alfred anyansidwe nayo gitalayo. Akanyansidwa nayo aitayira wamasiye. Wamasiye ali ndi njala.

Kumuuza Petronela? Ndaganiza kuyambira ku Limbe mpaka pa Chinseu. Akadziwa, nkhope imuulula, a Alfred atenga zonse. Choncho kusamuuza n'kumuthandiza. Ndachinena kawiri mumtima, kachiwiriko chinamveka bwino.

Loweruka, 10 Sepitembala

Bangwe. Katundu yense pabwalo ngati pa okushoni. Abale a ku Nsanje pamipando, Petronela ndi Rejoice pansi, aneba pampanda.

Ndinatenga lezala, ndinakanda pang'ono pamutu pa gitala. F yense anasupuka ngati khungu la mbatata. Ndinawaonetsa pulayiwudi. Kumpanda wina anati, "Minibasi yaphwa matayala!" Kuseka. A Alfred anatembenukira kwa ine. Anafunsa mtengo. Ndinati nkhuni zake sizingapsetse nyemba, koma munthu wachifundo angapereke faivi sauzande.

Manyazi awo anathera pa katundu. Filiji ya iwo, ngakhale kwawo kulibe magetsi, akuti aziikamo mapira kuopa makoswe. Bedi ya iwo. Ampu ya mwana wawo amene sadziwa ngakhale polumikiza. Mashini osokera Petronela anagula yekha ndi ndalama za chipereganyu, ndinalipo tsiku lomwe anabwera nawo pa wilibala. Atanena zimenezo a Alfred anati, "Cholowa m'nyumba ya m'bale wathu ndi cha m'bale wathu. Tinalowola, sitinatole." Azakhali awo anagwedeza mutu ngati amva ulaliki.

Pomaliza anakankha gitala ndi nsapato. "Inu gawo lanu ndi ili. Muziimba mukamva njala."

Petronela sanalire. Anaitola, anaipukuta fumbi ndi nsonga ya nsalu. Anandiyang'ana kamodzi. Ine ndinayang'ana nkhuku.

Zayenda monga ndinakonzera. Botolo limodzi pobwerera. Silinakome, linali lotentha.

Lachiwiri, 13 Sepitembala

Petronela wabwera yekha, gitala yokulunga m'chitenje. "Alamu, kaunjika ndasiya kulota. Ndipatseni fifitini sauzande, ndiyambire tomato."

Fifitiniyo inalipo, m'chitini pansi pa tebulo. Dzanja linayamba kupita lokha. Ndinalibweza.

Zifukwa ziwiri. Chinthu chomwe ndinachitcha nkhuni pamaso pa anthu ndikachigula fifitini, a Alfred amva dzuwa lisanalowe, ndipo ali m'tauni mpaka chiliza. Chachiwiri ndi lamulo la pamsika uno: wogula sathamanga. Wogulitsa akabwera kachiwiri amabwera atatsitsa yekha.

Ndinaseka pang'ono. Ndinati folo sauzande, komanso chiliza chikadutsa, ngati sapeza wina wopusa kuposa ine.

Anayang'ana mawailesi. "Ndiye ndi zoonadi, ilibe ntchito." Ndinati munamva kale Loweruka. Anakulunganso bwinobwino, mutu wa gitala kaye, ngati akufunditsa mwana. Ndinamupatsa ya minibasi. Anathokoza kawiri.

Abwera Lolemba. Alibe kwina kopita nayo. Ku Bangwe konse akudziwa kuti ndi nkhuni, ndinaonetsetsa ndekha.

Lachinayi, 15 Sepitembala

Hamudi waimba kawiri. Ndamuuza kuti sabata yamawa.

Ndakaona kashopu ka pamsewu waukulu komwe mwini wake akutuluka. Chitseko chachitsulo, mita yakeyake ya magetsi. Ndaima pakhomo ngati changa kale.

Madzulo ku mphakati wa Akatolika ku Bangwe. Asonkhetsa ya simenti ya chiliza cha Januario, akuti yaperewera, mmisiri wasintha kamangidwe ka pamwamba. Ndapereka thumba lathunthu. Amayi aomba m'manja, tcheyamani wati ubwenzi weniweni umaoneka munthu atapita. Thumba limodzi silipweteka munthu amene akudikira zomwe ndikudikira ine.

Loweruka, 17 Sepitembala

Manda a ku Misesa. Dzuwa loswa mtengo. Katekisiti, kwaya, nsalu yoyera pamwamba pa chiliza. A Alfred agwira ngodya imodzi, Petronela ina. Avundukula.

Gitala. Yagona chagada pamwamba pa chiliza, yomira mu simenti mpaka m'mphepete, mutu kuloza ku mtanda. Nsambo anachotsa. Nkhope yake yokha ndiyo ikuoneka, yopakidwa vanishi, ikuwala. Amayi nthungululu.

Pa pikapu yapakati msomali wa sikisi inchi, wokhomedwa mpaka kupindika.

A Alfred anafotokozera anthu monyadira. "Kwathu mbale yoika pamanda timaiboola kaye, kuti wakuba asaione ntchito. Iyinso taiboola, ngakhale amisiri anatiuza kale kuti palibe angaibe." Anandiloza. Anthu anatembenuka, anandimwetulira.

Pogawana fanta Petronela anandipeza. Wavula zakuda, wavala chitenje cha Amayi Akatolika. "Alamu, mutanena kachiwiri kuti ilibe ntchito mtima unakhala pansi. Ndinkadziimba mlandu kuti ndikugulitsa mawu a mwamuna wanga. Folo sauzande ikanathera pa tomato wowola. Ndinati bola apite nayo mwini wake."

Mmisiri naye anabwera kudzandigwira chanza. Akuti thumba langa ndilo linamatira gitala, pakanapanda ine sizikanatheka.

Nyimbo yotsekera ndinaimba nawo. Besi inatuluka bwinobwino.

Lachiwiri, 20 Sepitembala

Masiku awiri sindinatsegule. Ndauza anthu kuti malungo.

Lero adzera kudzatsanzika, Petronela ndi Rejoice, ulendo wa ku Phalombe kwa amayi ake. Chikwama chimodzi, ndowa, mphasa. Nyumba alowamo kale ena. Mtsikanayo wavala nsapato za kusukulu ndi diresi ya kutchalitchi. Yunifomu agulitsa kuti ikwane thiransipoti. Fomu 4 waiona masabata awiri.

Petronela anatulutsa lamba wa gitala, wachikopa, wakuda ndi thukuta la Januario. "Mulandire, alamu. Pa anthu onse aja inu nokha ndinu simunatidyere masuku pamutu."

Ndinalandira ndi manja awiri. Ndingatani. Rejoice sanandipatse moni, amangoyang'ana chitini cha pansi pa tebulo. Sangadziwe kanthu. Ana a masiku ano amangoyang'ana choncho.

Lambayo ndamukoleka kuseri kwa chitseko. Kenako ndamuika m'katoni. Akununkha fodya.

Kashopu kaja katengedwa ndi wogulitsa mafoni.

Lachinayi, 22 Sepitembala

Ku Misesa masana, maluwa apulasitiki m'manja kuti ndioneke wolira. Kunalibe munthu. Ndinagwada ngati ndikupemphera, ndinatulutsa kasikuluwu m'thumba, ndinakayandikiza pa pikapu ya kukhosi. Kanadumpha m'zala, tha! Ya kumunsi chimodzimodzi. Maginito akadakoka. Yapakati yafa, msomali unadula waya.

Simenti ikadali yanthete, chikhadabo chikusiya mzere. Mmisiri anachulutsa mchenga, theka la thumba langa anaba. Mvula yoyamba ikagwa madzi alowa pansi, dzimbiri limaliza zonse. Pofika Novembala palibe adzapindule, Januario kapena ine.

Mlonda amapita kukadya dzuwa likafika pamutu. Akuti chaka chatha anthu anagwira wina akuzula mitanda yachitsulo, ku polisi anakafika wopanda mano akutsogolo. Ameneyo anabwera ndi wilibala. Zanga zikwana m'thumba la malaya.

Hamudi akuti akakhala awiri okha agula pa theka la mtengo. Wakuba.

Tchizulo yogobera simenti ndabwereka kwa Abdula wowotcherera mageti. Wafunsa ntchito yake, ndati feremu ya chitseko.

Zikagulitsidwa ndimutumizira Petronela kenakake. Nambala yake sindinatenge.

Mawa masana. Ndikachotsa awiri okha, mosamala, osakanda dzina kapena mtanda. Yapakati, ya msomali ija, ndimusiyira Januario. Gawo lake ndi limenelo.