Fumbi Loyera la M'kalasi Mwanga

Lolemba, 6 Meyi

Ndalandiranso chikho cha kalasi yaukhondo. Kachisanu! Ahedi pamzere wam'mawa akuti, "Ena nonsenu mukaphunzire kwa mayiwa." Ine kumwetulira ngati mkwatibwi, mano onse panja. Ndikudziwa kuti ana amanditcha Mayi Tsache, ndipo dzinalo ndimalikonda ndithu. Chinsinsi changa n'chimodzi: kafumbi koyera kamene kamayoyoka ku siling'i timakasesa kawiri patsiku, m'mawa ndi poweruka. Ana 48, matsache asanu ndi limodzi, mosinthanasinthana.

Lachiwiri, 7 Meyi

Ndinaitana alamu, amuna a mng'ono wanga, kuti adzandikonzere loko wa chitseko cha kalasi. Iwo ndi mmisiri womanga nyumba. Cholinga chenicheni chinali choti aone chikho.

Chikhocho sanachiyang'ane n'komwe. Atangolowa, maso kumwamba.

"Alamu, mabolodi a siling'iwa anasweka liti?"

Ndinati kalekale, ndinawapeza ali choncho. Bowo lapakonalo lokha ndiye ndinakulitsa ndine ndi mpini wa tsache, pothamangitsa mileme. Ndinanena monyadira, Mulungu andikhululukire.

Anandikokera panja. Akuti mabolodi amenewo ndi a asibesito. Akakhala athunthu alibe vuto kwenikweni, koma akasweka fumbi lakelo likalowa m'mapapo silitulukanso. Sulimva lero kapena mawa, limadikira zaka, kenako munthu n'kuyamba kubanika.

"Posesa mumawazako madzi?"

"Madzi amasiya zipsera pasimenti."

Kenako analoza chitseko chakumbuyo n'kufunsa kuti anachitseka ndi kabati ndani, nanga moto utabuka ana angatulukire pati. Kabatiyo ndinaikapo ndine. Ndi pamene pamakhala chikho.

Zaka zisanu ndi zinayi ndikupatsa ana a eni matsache kuti aziwulutsa poizoni, n'kumalandirirapo mphoto. Ndili ndi manyazi, ndiponso ndikuopa.

Lachitatu, 8 Meyi

Ndinapita ku ofesi ya ahedi mawu onse nditaloweza. Ndinagogoda, ndinakhala pansi, ndinayamikira makatani awo atsopano. Iwo anandifunsa ngati denga la nyumba yanga lasiya kudontha. Nyumba yangayo ndi ya sukulu, ndipo anandipatsa ndi iwo amuna anga atamwalira, pamene ena anali patsogolo panga pamndandanda. Ndinati lasiya, zikomo bwana. Ndinatuluka.

Makataniwo ndi oipanso.

Lachinayi, 9 Meyi

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ine ndatsekula kazenera. Ndalemba kalata yopita ku ofesi yoyendera nyumba: asibesito wosweka m'kalasi yachitatu kuchokera kugeti, ana akupuma fumbi, chitseko chothawira moto n'chotseka. Za amene anachitseka sindinatchule. Ndalemba ndi dzanja lamanzere kuti asandizindikire, pansi n'kusaina kuti "Kholo lodandaula". Ndinakaponya ndekha m'bokosi la pakhomo pawo, nditavala mpango wa mng'ono wanga ndi magalasi akuda. Mlonda wa pamenepo anati, "Mwaswera bwanji aphunzitsi?" Kaya anaonera choko cha m'zikhadabo.

Lachisanu, 10 Meyi

Ndauza ana kuti matsache asowa. Ali pansi pa bedi langa. Ndikukolopa ndekha ndi nsanza yonyowa iwo asanafike, nditamanga nsalu kumphuno. Kabati ndaikankhira kumbali, msana ukundiuza zaka zanga.

Lachiwiri, 14 Meyi

Kalata yanga yagwira ntchito. Yagwira mopitirira.

Pamsonkhano wa aphunzitsi ahedi alengeza kuti oyendera nyumba akubwera Lolemba, chifukwa wina wake "wosaifunira zabwino sukulu ino" wakatinenera. Ine maso pa nsapato.

Ndinaiwala chinthu chimodzi chimene mphunzitsi aliyense amachidziwa: sukulu ikamva kuti kukubwera alendo, imasamba. Miyala ya m'mbali mwa njira ipakidwe laimu, mawindo atsukidwe, mabuku ong'ambika abisidwe. Ndiye poti kalatayo yatchula siling'i ya kalasi yanga, ahedi alamula kuti Lachisanu masana ana a kalasi yomaliza akwere makwerero, apale mabolodi onse osweka mpaka asalale, amate ming'alu, apake penti. Oyendera adzapeze mwayera mbee.

"Ntchito imeneyi aiyang'anira ndi mayi athu a ukhondo. Ndani winanso?"

Anthu anaomba m'manja. Ine pakamwa panga panatuluka kuti, "Chabwino, bwana."

Lachitatu, 15 Meyi

Ndinaimbira alamu nthawi yopuma. Ndinawauza zimene ahedi alamula.

"Kupala? Ndi ana? Alamu, bola mukanangopitiriza kusesa kuja. Tsiku limodzi lopala liposa zaka zanu zonse zija. Zimenezo amachotsa ndi anthu ophunzira ntchito yake, atavala zodzitetezera, chipinda chitatsekedwa. Musalole."

Musalole. Kunena n'kosavuta ukakhala m'nyumba yomanga wekha.

Zitini za penti zafika, zili m'kalasi mwanga pafupi ndi bolodi. Ndaphunzitsa tsiku lonse ndikuzilambalala. Mtsikana wina wa kalasi yomaliza anabwera kudzafunsa ngati Lachisanu abwere ndi zovala zakale. Ndinati ndimuuza mawa.

Lachinayi, 16 Meyi

Sindinamuuze.

Aphunzitsi a masamu anandipeza pa mpopi ndikuchapa nsanza yanga. Anayang'ana uku ndi uku, n'kunena monong'ona kuti, "Kholo lodandaula, mwadzuka bwanji?"

Nsanza inagwera m'chidebe. Akuti a ku ofesi ija anatumiza kope la kalatayo kwa ahedi, ndipo yazungulira aphunzitsi onse kuyambira Lolemba.

"Dzanja lamanzere munayesetsa, amayi. Koma ndi kholo liti limene limadula mizere iwiri pansi pa deti ndi rula? N'kusiya malire kumanzere masentimita awiri?"

Ndinafunsa ngati ahedi akudziwa. Anaseka mpaka kugwira mpopi. "Mukuganiza kuti ntchito yopala ija akupatsirani ninji? Akufuna mufufute nokha zimene munalemba."

Ndiye sabata yonseyi ndakhala ndikubisala kuseri kwa chala changa. Ndinawafunsa ngati mawa angaime nane. Akuti mumtima ali nane kwambiri, koma mawa masana ali ndi mayeso oti achonge.

Kunyumba ndinayang'ana zipinda zanga ziwiri, mashelefu amene anakhoma malemu amuna anga, mbewu zanga zakuseri. Ndikuopa kuchotsedwa muno, ndisaname. Koma ana a kalasi yomaliza aja ndinawaphunzitsa ndekha ali aang'ono, ndipo ndawadyetsa kale fumbi lokwanira.

Lachisanu, 17 Meyi

Ndinalawirira. Ndinatulutsa mabuku, choko ndi kaundula, ndinatseka kalasi, kiyi m'thumba. Ana anga ndinawakhazika pakhonde la holo, tinaphunzira pomwepo mphepo ikutivundukulira mapepala. Aliyense wodutsa ndinkamuuza kuti tikuphunzira za nyengo.

Belu la masana litalira anatulukira: ana khumi ndi awiri a kalasi yomaliza atanyamula makwerero awiri ndi zopalira, ahedi pambuyo. Ahedi anayesa chitseko. Anatembenuka.

"Amayi, kiyi."

Ndinali nditakonza mawu abwino kwambiri, ena a m'malamulo. Mawu onsewo anandithawa.

"Sindipereka, bwana."

"Mwati bwanji?"

"Sindipereka. Kalata ija ndinalemba ndine."

"Zimenezo ngakhale mlonda akudziwa. Ndikufuna kiyi."

Ndinati ana awa sakwera m'mwambamo. Ndinati ngati akufuna athyole chitseko, koma Lolemba ndidzawauza oyendera kuti chinathyoledwa liti, ndani, ndipo anapala ndi ana a yani. Mawu anga ankatuluka opyapyala ngati a mwanapiye, koma ankatuluka.

Anandiyandikira kuti ana asamve. "Mukukumbukira kuti nyumba mukukhalayo ndi ya sukulu?"

"Ndikukumbukira, bwana. Ndayamba kale kufunafuna makatoni."

Bodza. Ndilibe katoni ngakhale imodzi.

Aphunzitsi a masamu anali pawindo la kalasi yawo, cholembera chofiira m'manja, akuchonga mpweya. Kenako ahedi anauza ana aja kuti akabweze makwerero kosungira katundu, azipita kwawo. Ana anathamanga, wina mpaka kukuwa ndi chimwemwe.

Ndinkayembekeza kuti ahedi azipita nawonso. Sanapite. Anasuzumira pagalasi la chitseko, kuyang'ana siling'i ija.

"Kalasi imeneyi ndinaphunzitsamo zaka khumi ndi zinayi inu musanabwere," anatero, osandiyang'ana. "Mabolodi oyamba kusweka ndinkawadula ndekha ndi sowo kuti aoneke bwino. Amene anakuuzani zimenezi akuti matendawo amayamba pakapita zaka zingati?"

Ndinati alamu anga akuti makumi awiri, mwina atatu, mwina kuposerapo, ndiponso si onse amene amadwala.

Anagwedeza mutu. Za nyumba sananenenso kanthu, sindikudziwa ngati ndikhalamobe. Manja anali atawaika kumbuyo monga amachitira pamzere, ndipo ine ndinali kumbuyo kwawoko. Ndinaona zala zawo zikupindika chimodzichimodzi, akuwerenga zaka.