Buledi amene Tayiga anakana

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Bangwe tilipo, mwendo wa amayi uja ukupola.

Galu wanu Tayiga watidabwitsa. Lachiwiri m'mawa tinapeza buledi wopaka batala ataponyedwa mkati mwa mpanda, iye ali khale pambali, osamukhudza. Amayi anati, "Musiyeni adye, buledi sapha galu." Posakhalitsa anafika a Phiri oyandikana nafe, misozi ili m'maso. Agalu awo awiri anadya buledi wotereyu n'kufa. Akuba anathiramo poizoni.

Paja munkapirira dzuwa pomuphunzitsa kudya za m'mbale mwake mokha. Ntchito munaigwira, achimwene.

Pobwera mumugulire lamba wokongola, wamuyenera. Buledi ndamugulira kale, wadyera m'mbale mwake.

Mulungu akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Tadala