Dzina la Ababa M'buku la Machona

Amayi anga, mwadzuka bwanji kumeneko kumene muliko? Ine kuno ndiliko, kungoti mawondowa. Ndine Esinati, mwana wanu wachisamba. Musadabwe kuti ndalemba ndekha. Ndinalowa sukulu ya kwacha imvi zili mbuu, ndiye zilembo zanga n'zopindikapindika, koma muziwerenga pang'onopang'ono monga ndalembera.

Chikuikireni m'manda, dzinja ladutsa kanayi. Chaka chino chimanga chachita bwino kumunda wa kumtsinje, ngakhale anyani a m'phiri atithyolera mizere ya m'mphepete. Denga la khitchini lija likudonthabe. Mdzukulu wanu Agnesi wabereka mwana wamwamuna, wonenepa bwino. Watuluka kale m'chikuta koma dzina alibe, chifukwa anati ndimutche ndine, ndipo ine ndinati ndiyambe ndalankhula ndi inu.

Nkhani yake ikuyambira kwa mlongo wanga Jonasi, uja munali naye pakati pamene ababa ankapita kukagwira ntchito ku Halale. Ntchito yake mukuidziwa. Chichokereni sukulu ya mishoni wakhala mu labotale ku Zomba, kuyeza madzi a m'zitsime, dothi la m'minda, ngakhale chakudya chimene anthu akuchikayikira kuti muli poizoni. Inu munkamuseka kuti ndi sing'anga wosachiritsa munthu. Zala zake n'zachikasu mpaka lero ndi mankhwala. Chaka chatha anapuma pantchito, koma kukhala pansi sakutha.

Pali bungwe lija la amuna amene anagwirapo ntchito ku Halale, limene limakumana pa Songani. Linayambira komweko, kuti munthu wakwathu akafera kuchilendo anzake amuike mwaulemu. Asilamu ndi Akhristu omwe amatchulana abale. Akuluakulu ake akutha mmodzimmodzi, ndiye anapempha Jonasi kuti alembe mbiri yawo isanapite nawo kumanda. Wakhala akupalasa njinga mpaka ku Malosa, kufunsa nkhalamba kuti anayambitsa ndani, ankasonkhana pati, ankaimba nyimbo zanji ponyamula maliro.

Nkhalamba ina inamupatsa buku loyambirira la bungwelo, mmene ankalembamo maina a anthu amene awaika. Linanyowapo kalekale, inki yonse inafufutika, masamba ali ngati osalembedwa. Ine ndinati limenelo n'loyatsira moto basi. M'mawa wina Jonasi anakhala pakhonde panga, anatsegula kabotolo ka mankhwala onunkha ngati mazira ovunda, n'kumapaka patsamba ndi nthenga ya nkhuku. Amayi, zilembo zinayamba kudzuka ndikuona ndi maso angawa. Iye ankawerenga mokweza dzina limodzilimodzi, ine ndikusenda chinangwa. Atafika patsamba lachitatu anaika nthenga pansi n'kundiitana.

Anali ababa. Filipo, wa kwa Malemia, ndipo pambali pake dzina lanu, kuti ndinu mkazi wawo. Anamwalira ndi mliri wa chimfine uja, patangotha miyezi inayi chifikireni. Anzawo asanu ndi mmodzi anawanyamula, anawaika bwinobwino. Palembedwanso dzina la munthu amene anamutuma kudzakuuzani uthenga. Dzina lomwelo talipezanso patsamba lotsatira. Nayenso anamuika asananyamuke n'komwe.

Jonasi sanalire. Anapita kuseri kukatsuka nthenga ija, anakhalitsa kumeneko. Paja iye nkhope ya ababa sanaione.

Ndiye mkazi wa ku Halale uja munkati ababa anakwatira kunalibe, amayi. Zaka zonsezo munkati, "Mtchona salirika, amangoiwalika." Munakana kumeta maliro awo, munaletsa kuti dzina lawo litchulidwe pakhomo pathu, ndipo mukudwala munandigwira dzanja n'kundilumbiritsa kuti ndisadzalipereke kwa mdzukulu aliyense. Ndinalumbira. Sindikukudzudzulani ayi. Munatilera nokha ndi khasu limodzi, ndipo palibe anabwera kudzakuuzani zoona.

Koma lumbiro limenelo munandipatsa chifukwa cha mwamuna wothawa banja, ndipo ababa sanathawe. Ndiye ndalimasula, mundikhululukire. Loweruka likudzali Jonasi abwera ndi lumo, abale a bungwe abweranso. Timeta tonse awiri, imvi zathu zomwezi. Tikatha kumeta, ndimunyamula mwana wa Agnesi pamaso pa anthu, ndimutcha Filipo.

Ngati mwakumana kale ndi ababa kumeneko, ndiye kuti zonsezi mwazidziwa ine ndisanadziwe, ndipo mukundiseka. Ngati mukuwapewabe, chonde musawafulatire. Yambani ndinu kuwapatsa moni.

Jonasi akukopera tsambalo ndi inki imene wasakaniza yekha, akuti imeneyo ngakhale inyowe sifufutika. Akamaliza ndibwera nalo kumanda kwanu, ndidzasesa, ndidzakhala pansi, n'kukuwerengerani ndekha, chilembo ndi chilembo.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati