Ulusi wa amayi ndinaudula ndekha

Aphungu,

Ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri ndinagwa panjinga n'kung'ambika chibwano. Anesi akundisoka, achemwali anga anandigwira dzanja nati, "Usayang'ane singano iwe, yang'ana ine. Ukalira akusoka ndi pakamwa pomwe." Ndinaseka misozi ili m'masaya. Chipseracho ndimachikhudzabe ndikamameta ndevu.

Lero ndine telala, imvi zayamba. Achemwaliwo sitinalankhulane kwa zaka khumi ndi chimodzi.

Mayi athu atachitidwa opareshoni ya m'mimba ankakhala kwa ine. Ulusi unkawayabwa, ndipo tsiku lokauchotsa linali lisanakwane. Anandinyengerera: "Mwanawe, si ntchito yako yomweyi? Tsiku lonse umakhalira kumasula misoko ya mathalauza a eni." Ndinawiritsa kalumo kanga n'kudula. Patatha masiku atatu bala linatseguka, mafinya n'kuyamba. Ndinazengereza kupita nawo kuchipatala poopa kufunsidwa amene wachita zimenezi. Titapita, zinali zitaipa kale. Pamaliro achemwali anangondiuza mawu atatu: "Amayi sanali nsalu."

Sabata yatha mwana wa achemwaliwo anabwera pakhonde pomwe ndimasokera. Akuti mayi ake nawonso achitidwa opareshoni, akukachotsa ulusi Lachisanu, koma iye kuntchito amukaniza tchuthi. "Amalume, muwaperekeze ndinu." Ndinamubweza kuti akafunse kaye eni ake. Akavomera, ndikaima bwanji pamaso pawo?

D.K.

A D.K.,

Sindikupakani mafuta pakamwa. Munalakwa kawiri: kudula ulusiwo, ndi kukhala chete bala litatseguka. Kwachiwiriko ndiye kwakukulu. Koma munachita pomvera chisoni mayi anu, ndipo kudzilanga kwanu sikuwadzutsa. Achemwali anu ali moyo, ali ndi bala, alibe wowagwira mkono.

Mukapita, lawirirani. Nyamulani chikwama chawo, apezereni malo pabenchi, pamzere wa kuchipatala muime ndinu. Musayambe ya maliro munthu akudikira kulowa kwa anesi. Akaiyamba okha, musanene kuti "amayi ndiwo anandiuza". Nenani kuti, "Ndinalakwa, ndinachita mantha, ndinachedwa." Mukatero khalani chete. Mwina akukalipirani, mwina ulendo wonse sakuyang'anani n'komwe. Pirirani, tsiku limodzi silingafafanize zaka zonsezi.

Chenjezo langa ndi ili, kwa inu ndi onse owerenga: ulusi wa pabala amachotsa ndi achipatala, chifukwa amayamba aona ngati mnofu wagwirana. Bala likatupa, likatuluka mafinya, kapena thupi likatentha, thamangani tsiku lomwelo, ngakhale wolakwa mutakhala inu.

Ndikumaliza yankholi, kalata yanu yachiwiri yandipeza. Mwati mwana uja wabweranso pakhonde ndi mawu a mayi ake: "Umuuze afike seveni koloko. Kalumo kake asiye kunyumba."

Pitani. Akamawachotsa ulusiwo, muwapatse dzanja.

Aphungu